Kalata ya ulendo wa ku Kafue

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg konko. Kuno ku Lusaka tonse tili bwino, kungoti kutentha kwa mu Okutobala kwafika posauzana.

Ndangobwera kumene kuchokera ku Kafue, osati tauni ija ya pamsewu wa ku Livingstone ayi, koma kunkhalango ya nyama. Tinatenga msewu wa ku Mongu, kudutsa Mumbwa, kenako n'kukhotera kumwera mpaka ku Itezhi-Tezhi, kumene kuli damu lomwe linamangidwa m'ma 1970. Pakiyi ndi yaikulu kuposa onse m'Zambia muno, masikweya kilomita pafupifupi 22,400, moti umatha kuyenda mmawa wonse osakumana ndi galimoto ina.

Nyama tinaziona ndithu: njovu zikutsikira kunyanja madzulo, njati, mphalapala, mvuu zili phwii m'madzi, nkhwazi ikulira pamtengo wouma. Koma tisanafike kumeneko tinalandiridwa ndi akashembe. Iwe, tizilombo timeneti timaluma ngakhale utavala jinzi! Timakonda nsalu yakuda ndi yabuluu, n'chifukwa chake misampha yake amaipanga ndi mitundu imeneyi. Dalaivala wathu anatola ndowe youma ya njovu, n'kuiyatsa m'chitini chomwe anapachika kumbuyo kwa galimoto. Utsi wake unatithandizako, ngakhale zovala zikununkhabe mpaka lero.

Chimene ndikufuna kukuuza kwenikweni ndi cha pa famu ya ng'ombe pomwe tinkagona, kunja kwa malire a paki. Dera limenelo ndi la Aila, ndipo ukudziwa kuti kwa iwo ng'ombe ndiye chuma, ndiyenso ulemu wa munthu. Ife tinalipira ndalama kuti tikaone mkango, pamene abusa a pamenepo amagona khutu lili kukhola kuti mkango womwewo usawalowere. Usiku wina unabangula chapatali. Ng'ombe zonse zinadzuka n'kuunjikana pakati pa khola, ana ali m'kati, ndipo anyamata anatuluka ndi matochi n'kusonkhezera moto. Palibe amene anathamanga kapena kukuwa. Mkulu wa abusa anangomvetsera, n'kunena kuti uli kutsidya kwa dambo, sufika lero. Kutacha anandionetsa mapazi a fisi pafupi ndi chipata, pomwe anali atayesa kukumba.

Chodabwitsa n'chakuti mkulu uja saopa mkango kwambiri ngati mmene amaopera njati. Ng'ombe zikadya msipu pomwe padutsa njati zimatola nkhupakupa zonyamula matenda a denkete, ndipo khola lonse likhoza kutha mwini wake akuyang'ana. Ndiye tsiku la dibi salola munthu kujomba, ngakhale ife alendo anatipatsa ndodo kuti tizikusa ng'ombe. Titamaliza anatipatsa nsima ya chambiko, ine n'kudya ngati mwana wobwera kusukulu.

Kwa ine, aliyense wopita kukajambula nyama azigonako pamalo otere, chifukwa ukakhala m'galimoto ya alendo zonsezi sizioneka.

Ukabwera chaka chamawa, bwera pakati pa Julayi ndi Okutobala, tikafike ku Busanga, kumpoto kwa paki. Nthawi ya dzinja chigwa chimenecho chimasefukira ndipo makampu amatseka. Usatenge malaya ako abuluu aja. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
wa ku Kabwata