Galimoto ndi ya alamu, bulubuku ya munthu wina, woyendetsa ndine

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyankhulepo za inshuwalansi ya galimoto poti zandionekera ineyo mwezi wathawu, ndipo ndikudziwa kuti tilipo ambiri mumsewumu amene tikuyenda ndi mapepala oti tsiku la ngozi sadzatithandiza olo pang'ono.

Alamu anga ali ku Joni. Chaka chatha anatumiza ndalama kuti tigule ka Sienta kazithandiza pakhomo, kutengera ana kusukulu, kuthamangira ndi mayi kuchipatala shuga ikakwera, ndiye poti mafuta sagwa kumwamba tinagwirizana kuti m'mawa ndi madzulo ndizinyamulako anthu a ku Area 25 opita mtauni. Tinagula kwa bambo ena amene anaitanitsa okha ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, tinalemberana kapepala kogulitsana, mboni ziwiri zinasayina, tinagwirana chanza, basi. Zokasintha dzina ku Road Traffic alamu anati zidikire abwere pa Khrisimasi chifukwa amafuna bulubuku ituluke m'dzina lawo. Khrisimasi inadutsa osabwera, za mapepala kumeneko mukuzidziwa kale, munthu akatuluka kubwerera kumavuta.

Inshuwalansi itatha ndinachita zomwe aliyense amachita. Ndinajambula bulubuku pa foni kutumiza pa WhatsApp kwa ejenti wina amene mnzanga wa pa renki anandipatsa nambala yake, ndalama ndinatumiza pa foni pomwepo, tsiku lomwelo madzulo disiki ili pa galasi. Komanso sinali third party ija yolipira amene wamugunda yekha ayi, alamu anaumirira kuti tidule comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yako ikawonongeka, akuti galimoto ndi chuma chawo chokhacho chimene angaloze pa zaka zonse akhala akupenta nyumba za anthu kunjako. Ejenti uja sanandifunse kuti galimotoyi ndi yandani, amayendetsa ndani, imagwira ntchito yanji. Anangofunsa kuti mukuiika pa mtengo wanji bwana. Inenso sindinaone chifukwa chofotokoza zinthu zomwe sindinafunsidwe.

Ndiye tsiku lina kukugwa mvula pikapu inali kutsogolo kwanga inangoima mwadzidzidzi kuzemba wa kabaza, ine kuponda buleki galimoto inangotsetsereka mpaka phwa! Boneti kupindika, rediyeta kuphulika, magetsi onse awiri kuthera pansi. Mulungu ngwabwino palibe anavulala kwambiri kupatula mayi wina amene anagunditsa bondo. Apolisi analemba lipoti, ine mtima uli m'malo kuti si tili ndi comprehensive.

Ku ofesi ya kampaniyo, sinditchula dzina, mayi wa pa desiki la makleimu anayala mapepala anga atatu patebulo, bulubuku, layisensi ndi lipoti la apolisi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, inuyo ndi amene dzina lanu lili pa polisi ya inshuwalansiyi?" Ndinati ayi mayi, ine ndine mlamu wa mwini wake. "Chabwino, ndiye aitaneni eni akewo adzasayine fomu." Ndinati amene ali pa pepalawo si alamu angawo, amenewo ndi amene anatigulitsa. Anavula magalasi aja. Apa m'pamene ndinadziwa kuti zavuta.

Anandifotokozera mwaulemu ndithu, sindinganame. Inshuwalansi ndi pangano la kampani ndi munthu amene katunduyo akawonongeka waluza ndi iyeyo, pachizungu amati insurable interest. Tsono bambo a pa pepala aja sanaluze kalikonse, ndalama zawo analandira ndipo anadya kalekale. Alamu amene aluzadi, kampani siikuwadziwa. Ine ndangokhala dalaivala. Anthu atatu galimoto imodzi koma palibe woti angalandire cheke. Ndisanapume n'komwe anandisonyeza mzere wa mu lipoti la apolisi pomwe mayi wa bondo uja ananena kuti anakwera n'kulipira, pomwe polisi yathu inali ya galimoto yapakhomo, yoyendera wekha ndi banja lako, osati yonyamula anthu pa ndalama. Yonyamula anthu ili ndi mtengo wakewake ndipo n'chifukwa chake maminibasi ndi mataxi enieni amakhala ndi nambala yofiira. Ndinangoti kakasi.

Chimene chikundiwawa n'choti njira yabwino inalipo ndipo sinali yovuta. Kuyendetsa galimoto ya munthu wina si mlandu, ana amayendetsa za makolo awo, madalaivala za mabwana awo, ndipo zikachitika kampani imalipira bwinobwino bola polisi ili m'dzina la mwini weniweni, woyendetsayo ali ndi layisensi yoyenera ndi chilolezo cha mwiniyo, ndipo munanena zoona za ntchito ya galimotoyo. Mapolisi ena amalola aliyense amene mwamubwereka, ena amafuna mayina a oyendetsa alembedwe, ndipo akakhala mnyamata wongotenga kumene layisensi ndalama yomwe umayamba walipira wekha ija, amati excess, imakwera. Zonsezi ndazimva galimoto itaphwanyika kale. Zikanangotengera mafunso atatu pa WhatsApp paja.

Sindikuti ife tilibe vuto. Ambirife inshuwalansi timaitenga ngati COF ija yosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, kapepala koti a thirafiki pa rodibuloko asatidule chindapusa, poti lamulo la Road Traffic Act limati galimoto isayende popanda third party. Ena mpaka lero amaganiza kuti third party ikonza galimoto yawo, pomwe iyo imalipira amene wamugundayo, nayonso ili ndi malire ake, zotsalazo amakulondola kunyumba. Ndipo kunena zoona ejenti akanandifunsa za kunyamula anthu mwina ndikanazemba kuopa mtengo, ndani sadziwa mmene ndalama ikuvutira. Koma bola ndikananama ndikudziwa chimene ndikuchita, kusiyana ndi kulipira ndalama zambirimbiri za alamu pogula chinthu choti sichikanagwira ntchito chiyambire tsiku loyamba.

Nanunso amene mumagulitsa galimoto n'kusiya dzina lanu pa bulubuku chaka chonse, mukugona tulo bwanji? Ogulayo akagunda mwana pa Lunzu kapena pa Jenda, samani imayamba yafuna dzina lomwe lili mu kompyuta ya Road Traffic.

Pempho langa likupita ku Reserve Bank, poti ndi amene amayang'anira makampani a inshuwalansi, komanso ku bungwe la makampaniwo. Polisi yonse ndi chizungu cha maloya timalemba ting'onoting'ono masamba angapo, ndani amawerenga zimenezija pa foni? Pakhale tsamba limodzi la Chichewa, lina la Chitumbuka, loti ejenti asanalandire ndalama azifunsa mwini galimoto ndani, aziyendetsa ndani, izigwira ntchito yanji, wogula n'kusayina pamunsi. Ejenti amene wadumpha zimenezi naye aziyankhapo, asamangodya komishoni kenako foni osayankha.

Pano Sienta ili pa garaja ina ku Biwi yakhalira matayala awiri, makaniko akuti ndipeze kaye ya rediyeta ndi boneti. Mwini pikapu akundiimbira tsiku ndi tsiku. Bambo anatigulitsa aja anasamukira ku Mzuzu, akuti kuti abwere kudzasintha dzina ndiwatumizire ya thiransipoti. Alamu ndawauza theka la nkhaniyi, theka linalo achemwali anga akuti ndidikire kaye mwezi uthe alandire.

Dalaivala wodandaula,
Area 25, Lilongwe