Lipoti la msonkhano wa kapangidwe ka miluza ya nkhosa mu labotale

Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhanowu ndi funso lakuti tingaidziwe bwanji nkhosa yoyenera kutengako mazira tisanawononge ndalama ku labotale. Yankho ndabwera nalo, ngakhale silingakondweretse onse.

Dzira lililonse la nkhosa limakulira m'kathuza kamadzi kamene kamakhala pathumba la mazira. Nkhosa yaikazi imabadwa ili kale ndi mazira ake onse, sawonjezekanso. Pa masiku pafupifupi 17 aliwonse timatuza timakula m'magulu atatu kapena anayi, koma kawirikawiri ndi kamodzi kapena tiwiri timene timaphulika n'kutulutsa dzira. Tina tonse timafota. Ntchito ya labotale yagona pa kulanditsa mazira amene akanangofotawo.

Timatuzati timawerengeka ndi makina a sikani. Njira ina ndi kuyeza homoni ya AMH m'magazi, imene imapangidwa ndi timatuza tating'ono tomwe tikukula, choncho ikachuluka ndiye kuti timatuzanso tilipo tambiri. Chimene olankhula anabwerezabwereza n'chakuti nkhosa za mtundu umodzi, zaka zofanana, zodyera pamodzi, zimasiyana kwambiri pa chiwerengerochi, pamene nkhosa imodzi yomweyo sisinthasintha kwenikweni. Ya timatuza tambiri ikabayidwa homoni ya FSH, yokulitsa timatuzato, imapereka mazira ambiri, ya tochepa imapereka ochepa ngakhale mutaibaya chotani. Apa ndiye pali phindu lathu: kuyeza kaye kumatchipa kuposa kugonetsa nkhosa n'kupeza mazira atatu.

Ndati kugonetsa chifukwa kwa nkhosa sizili ngati kwa ng'ombe. Ng'ombe amaipopa mazira ili chiimire, singano ikudzera njira yoberekera. Nkhosa ndi yaing'ono, motero amaipatsa mankhwala ogonetsa, n'kuboola timabowo pamimba, n'kulowetsa kachipangizo koonera m'kati pamodzi ndi singano yopopera timatuza ta mamilimita awiri mpaka asanu ndi limodzi. Mazirawo amawasunga maola 24 pa kutentha kwa madigiri 38.5 kuti akhwime, kenaka amawasakaniza ndi umuna. Otenga umuna amaleredwa masiku 6 mpaka 8 m'madzi otsanzira a m'njira ya mazira, otchedwa SOF, amene wasayansi Tervit ndi anzake anawafotokoza m'chaka cha 1972. Kuika mluza mwa nkhosa yolandira kumafunanso kuboola pamimba, poti khomo la chiberekero cha nkhosa n'lokhotakhota, chipangizo sichidutsa mosavuta.

Mkangano unabuka pa tsiku lomaliza, ndipo ndi gawo limene ndikupempha kuti mulimvetse. Kuchuluka kwa timatuza kumaneneratu kuchuluka kwa mazira, koma sikunena ngati mazirawo ali amphamvu. Chitsanzo chinali anaankhosa a masabata 4 mpaka 8. Amenewa akabayidwa mahomoni amapereka mazira ochuluka kuposa nkhosa zazikulu, ndipo njirayi imakopa chifukwa mbewu yabwino imayamba kufalikira mwini wake asanakule n'komwe. Koma mwa mazira awo, ofika pa mluza woyenera kuikidwa ndi ochepa poyerekeza ndi a nkhosa yokhwima. Ena m'holomo ankati zilibe kanthu, kuchuluka kumakwirira kufooka. Ine sindinagwirizane nawo kwenikweni, chifukwa dzira lililonse lopopedwa limadya nthawi ya katswiri ndi mankhwala, kaya lipulumuke kaya ayi.

Tisasokonezenso chiwerengero cha timatuza ndi kubereka mapasa. Nkhosa za Booroola Merino za ku Australia zimaswa ana ambiri chifukwa cha jini (chibadwa chotengera kwa makolo) imene imachititsa timatuza tambiri kuphulika nthawi imodzi. Jini ya Inverdale, yopezeka mwa nkhosa za Romney ku New Zealand, imachitanso chimodzimodzi ikachokera kwa kholo limodzi, koma yaikazi yoitenga kwa makolo onse awiri imakhala yosabereka. Amene amasankha mbewu pongothamangira nambala yaikulu alingalirepo pamenepa.

Za anaankhosa obadwa akuluakulu mopitirira, vuto limene limagwirizana ndi kulera miluza m'madzi osakaniza ndi madzi a m'magazi, zinangokambidwa mwachidule. Malabotale ambiri anachepetsa kapena kusiya kusakanizako.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nkhani ya nkhosa zolandira miluza inapatsidwa mphindi zochepa, chonsecho nkhosazi ndi zimene zimanyamula bere kwa miyezi isanu. Yoonda, yodwala kapena imene nyengo yake sinagwirizanitsidwe ndi msinkhu wa mluza imataya ntchito yonse ya labotale. Kadyedwe ka nkhosa ya bere kamakhudzanso thumba la mazira la mwana wamkazi ali m'mimba.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Nkhosa zotengako mazira tiyambe tazisankha poona thanzi, kakulidwe ndi mbiri ya kuswa kwake, ndipo sikani kapena AMH zibwere pambuyo, kusankha pakati pa zabwino zokhazokha. Za kutenga mazira kwa anaankhosa tidikire kaye. Pamsonkhano wathu wotsatira ndikupempha kuti tiitane dokotala wa ziweto adzatiuze ngati tili ndi nkhosa zokwanira zolandira miluza, tisanalankhule ndi labotale iliyonse.

Ine nthumwi yanu.