Aise Mavuto, Focus imeneyo isiye

Aise Mavuto,

Uthenga wako wafika ndi zithunzi zomwe, waima pambali pa galimoto ya eni ake manja m'thumba, chijekete mpaka m'makutu, kuzizira kwa ku Indiana ku Amerikako kwakunenepetsa kapena ndi ma burger? Koma nditangowerenga kuti ndi Ford Focus ya 2014 ya otomatiki mtima unangoti myuu. Wafunsa makaniko ngati uigule ndiye imva za makaniko, isiye galimoto imeneyo.

Iwe sunadabwe kuti yatchipa chonchi bwanji? Nkhani ili mu giya bokosi. Ma Focus a 2012 mpaka 2016 ndi ma Fiesta a 2011 mpaka 2016 anawaika ija amati PowerShift, DPS6. Si otomatiki ngati ya mu Corolla ya a Phiri ija ayi, mkati mwake ndi manyuwo, ili ndi makilachi awiri ouma osasambira mu oilo, ndiye pali kakompyuta kotchedwa TCM kamene kamagwira kilachi nkumasintha magiya m'malo mwa mwendo wako. Ma seal akayamba kudontha oilo amafika pa kilachi, galimoto imanjenjemera ponyamuka, imagwedeza, imachedwa kugwira giya. TCM ikafa ndiye zoopsa, ukuponda moto injini ikulira koma matayala osakoka. Usiku wonse ndimangoona iwe pa highway, mathiraki akuluakulu akumeneko akubwera kumbuyo, Tadala ali pa kampando kake akudya bisiketi, mlamu akukuwa, sindinagone aise, mayi a Yankho mpaka anandifunsa ngati ndadwala.

Wogulitsayo wati "inakonzedwa pa recall" eti? Recall paja ndi pomwe kampani imaitanitsa magalimoto kukakonza vuto mwaulere, ndiye akuonetse mapepala. Pa giya bokosiyi kumeneko Ford anangotalikitsa waranti, kilachi zaka 7 kapena mamailosi 100,000, TCM zaka 10 kapena mamailosi 150,000, werengera wekha kuchokera 2014, zikakuvuta ndi thumba lako. Ndipo kukonza kwake sikunali kothetsa vuto, anthu ambiri amasinthitsa kilachi, kuyenda pang'ono kunjenjemera kwabweranso, ena kumangowaikira software yatsopano nkuwauza kuti ndi mmene imayendera. Itadutsa Covid ma chip atasowa ena anadikira TCM miyezi galimoto ili pa galaja, ngongole akubwezabe. Mu 2019 nyuzi ya Detroit Free Press inatulutsa zoti kampaniyo inkadziwa za vutoli isanayambe kugulitsa, ku Australia khoti linawalipitsa madola akumeneko 10 miliyoni mu 2018 chifukwa cha mmene amachitira ndi madandaulo a makasitomala. Tenga nambala ya chasisi ija amati VIN uyilowetse pa webusaiti ya NHTSA, bungwe la boma la Amerika loona za chitetezo cha magalimoto, uone ma recall omwe sanakonzedwe. Ngati Focus yakulowa mumtima peza ya manyuwo, imeneyo ilibe nthenda iyi, kapena unaiwala kuponda kilachi mmene ndinakuvutikira kukuphunzitsa pa bwalo la mpira paja?

Kuno Chisomo anakwatira Loweruka, zinayenda bwino. Yohane mpaka pano sanabweze sipanala yanga ya 13, akuti inagwera mu injini ya kasitomala, bodza lenileni, ndipo jeke nayonso anabwereka yabwera yopindika, ndikamufunsa akungoseka. Mafuta akusowanso, magalimoto okonzeka angodzaza pa galaja eni ake sakubwera kudzatenga ndiye ndalama sizikulowa.

Mayi ako ndinawaona ku tchalitchi, akuyenda ndi ndodo tsopano. Anandigwira dzanja nthawi yaitali kundifunsa ngati umanena zobwera, ndinasowa chowayankha. Uziwaimbira aise, osangotumiza ndalama. Ndalama ya galimoto yovutayo bwenzi itakhala tikiti.

Ukamatumiza katundu kwa Esnart undiikiremo kamakina ka OBD2 koyezera mavuto a galimoto kaja, kanga kakukanika kuwerenga magalimoto atsopanowa. Magetsi athimanso, foni yatsala pang'ono kuzima, koma za wogulitsa uja, akakukakamiza kuti uyiyese kaye, uyende nayo pa jam mpaka itenthe bwinobwino, osati pa msewu wopanda anthu, ndiye ukamanyamuka pa maloboti umvetsere ngati