Kwa mwana wanga amene akudwazika amuna ake

Mwana wanga,

Pafoni paja sindinakuyankhe bwino, tonse timangolira. Ndiye ndati ndilembe, uziwerenga mtima ukakhala pansi. Mwambo wathu ukuudziwa, sindingakhale pamphasa ya akamwini n'kumawamwetsa phala ndi dzanja langa. Ntchito imeneyo ndi yako. Koma zimene ndinaona pa zaka zanga za unamwino ndikhoza kukupatsira, ndipo uzigwiritse ntchito pamodzi ndi zimene akukuuza madokotala amene akuwaona.

Wati ku Kamuzu Central apeza khansa ya kummero, ndipo bambo a ana atsika kuchoka pa makilo 68 kufika pa 59. Manambala amenewa ndi amene andikhazika pansi. Kuchipatala timati munthu akataya kupitirira magawo 5 pa 100 alionse a kulemera kwake m'miyezi 6, kuwondako kwasanduka vuto lofunika chithandizo palokha. Iwo adutsa pamenepo kawiri konse. Matendawa si achilendo kwathu kuno, Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo odwala ambiri amene ndinawasamalira ankafika atatha kale thupi.

Kuwonda kwa khansa kuli pawiri. Kwina n'koonekeratu, chotupa chatseka njira ndipo chakudya sichikutsika. Kwinaku n'kobisika: chotupacho chimasokoneza thupi lonse, chimapha chilakolako cha chakudya, ndipo thupi limayamba kudya minofu yake yomwe. N'chifukwa chake ukhoza kuphika bwino lomwe, iwo n'kudya, koma sikelo osakwera. Ndikukuuza izi chifukwa ndikudziwa zimene zikubwera. Azilamu ako adzabwera kudzazonda, adzaona m'bale wawo ataonda, ndipo wina adzanong'oneza mnzake kuti mkaziyu sakuwadyetsa. Usadzaziike kumtima. Ngati n'kotheka, tsiku lina la sikelo utengane ndi mmodzi wa iwo akamve yekha kwa dokotala.

Komabe usanene kuti popeza khansayo ikudya thupi, ndiye kuphika n'kungotaya nthawi. Munthu wofooka sapirira chemo, mankhwala amphamvu aja olimbana ndi khansa. Magazi ake akatsika madokotala amasuntha tsiku kapena kuchepetsa mankhwala, zilonda zimachedwa kupola, matenda ena amalowerera. Mwina sungawabwezere makilo onse aja, koma kungoimitsa kutsikako ndi ntchito yaikulu kale.

Cholakwika chimene ndachiona m'makomo ambiri ndi cha phala. Wodwala akayamba kuvutika kumeza, mayi amathira madzi kuti lipyapyale. Mawa awonjezanso madzi. Pakutha pa mwezi munthu akumwa madzi oyera a ufa, mimba ikudzaza, koma mphamvu mulibe, ndipo apabanja akuti akudya ndithu, wamaliza kapu yonse. Phala lipyapyale, inde, koma ulipyapyalitse ndi mkaka. Uyambe ndi mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga, monga amapangira Likuni Phala, ndipo ngati ndalama ilipo ungogula Likuni Phala yemweyo. Uthiremo nsinjiro zosefa bwino. Litatsala pang'ono kupsa, umenye dzira n'kulitakasira momwemo mpaka lipse. Ukaphula uthiremo supuni ya mafuta ophikira kapena majarini, ndi shuga. Kenako ulisefe pasefa wa tiyi kuti pasatsale kambulu kowatsamwitsa. Kapu yake ndi yomweyo, koma zimene zalowa m'thupi n'zosiyana kutali.

Ndikupatse kawerengedwe kuti uone kukula kwa ntchitoyi. Wodwala khansa amafunika mapuloteni, zomanga thupi zija, oyambira galamu 1 mpaka 1.5 pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa iwo ndiye kuti magalamu 60 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha basi. Waona kuti mazira awiri a m'mawa sangakwanitse. Ndiye zomanga thupi zizipezeka m'chilichonse chimene chikupita kukamwa. Usipa kapena bonya uwambe, usinje mumtondo mpaka akhale ufa, usefe, uzithira mumsuzi. Nyemba uchotse makoko, uziphike zifewe, uzipote ngati chipere. Nkhuku uiphike mpaka isiyane ndi mafupa, uisinje pamodzi ndi msuzi wake, chifukwa msuzi wokha, ngakhale ununkhire bwanji, mphamvu yake ndi yochepa. Mbatata yofiira m'kati uiphike futali wofewa. Peyala ulikanye ndi nthochi yakupsa ndi mkaka. Chambiko ambiri amachimeza mosavuta, ndipo thobwa losefa ndi labwino kusiyana ndi tiyi wopanda mkaka. Magulu 6 a zakudya aja amene ankakuphunzitsa kusikelo ya ana sanasinthe, kungoti tsopano zonse zizidutsa mumtondo ndi pasefa.

Chakudya chisakhale chotentha kwambiri. Ife timakonda tiyi ndi phala zochokera pamoto pomwepo, koma kummero kwa bala zimapweteka, ndipo chofunda chimatsika bwino.

Iwala za kadzutsa, nkhomaliro ndi mgonero. Mbale yodzaza imam'gwetsa ulesi wodwala asanayambe n'komwe. Uziwapatsa pang'ono pang'ono, pakatha maola awiri kapena atatu alionse, m'kambale kakang'ono. Usadikire kuti anene kuti ali ndi njala, njalayo siibwera. Ambiri m'mawa ndi pamene amadya bwinoko, ndiye chakudya champhamvu kwambiri chikhale cha nthawi imeneyo. Madzi azimwa pakati pa zakudya, asadzaze mimba chakudya chisanalowe. Azidya atakhala tsonga, ndipo asagone pansi msanga akatha kudya. Masiku amene akupezako bwino aziyendako ngakhale kuzungulira nyumba, popeza minofu yongogona imatha msanga.

Tsopano za alangizi. Matenda akalowa m'nyumba aliyense amasanduka dokotala. Wina adzakuuza kuti shuga amadyetsa khansa, ndiye uwaletse shuga, mkaka, nyama ndi mazira. Wina adzakutumizira pa WhatsApp za madzi a mandimu ndi soda. Wina adzabwera ndi botolo la zitsamba la mtengo wodula. Mwana wanga, zambiri zimene timadya, nsima yomwe, thupi limazisandutsa shuga wa m'magazi, ndipo sungaphe chotupa ndi njala popanda kuyamba wapha mwini wake. Munthu amene wataya makilo 9 sitim'chotsera chakudya. Pokhapokha ngati ali ndi matenda a shuga, apo ufunse kuchipatala. Masamba a chammwamba ndi ndiwo zabwino, ufa wake uzithira m'phala ngati akuukonda, koma sachiza khansa. Zitsamba zina zimalimbana ndi chemo kapena kupweteka chiwindi, ndiye chilichonse chimene wina wabweretsa ukachionetse kaye kwa dokotala. Kusala kudya nakonso ayi. Mapemphero ndikupemphera nanu usiku uliwonse, koma amene akufuna kusala asale ndi ife athanzi.

Akayamba chemo udzaona zina. Mseru umabwera, ndipo mankhwala oletsa kusanza amene adzapatsidwe azimwa pa nthawi yake, asadikire kuti ayambe asanza. Fungo la mafuta okazinga limautsa mseru, ndiye uziphikira panja. Adzakuuza kuti chakudya chikumveka chitsulo m'kamwa, kapena kuti ndiwo zimene ankazikonda zikuwawa. Si mwano umenewo, ndi mankhwala. Yesa supuni ya pulasitiki, yesa chakudya chozizira. M'kamwa mukatuluka zilonda, azichukucha kangapo patsiku ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndipo tsabola, malalanje ndi mandimu ziyambe zaima. Ukaona zoyerayera palilime ukanene, mankhwala ake alipo.

Sabata yachiwiri chilandirireni chemo ndi pamene asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri. Masiku amenewo madzi akumwa akhale owiritsa, dzira lipse ndithu, chakudya chogona asadye, ndipo zophikidwa kumsika ziyambe zadikira. Thupi likatentha kufika madigiri 38, usawapatse panado n'kumadikira kuti kuche. Nyamukani usiku womwewo.

Wanenanso kuti akuganiza zowaika kapaipi kummero, kamene amati stent. Ndinaona anthu amene malovu omwe ankawakanika akumwanso phala patangopita masiku ochepa. Koma chimwemwe chake chisakupusitseni. Munthu amene wakhala nthawi yaitali osadya kwenikweni sitim'dzazira chakudya tsiku limodzi, thupi likhoza kusokonezeka moopsa, ndiye muzikweza pang'onopang'ono monga angakuuzeni. Kapaipiko kamatsekeka ndi buledi, nyama yolimba, ulusi wa mango ndi ndiwo za mitsitsi ngati khwanya. Nsima ikhale yofewa, mbamu zing'onozing'ono, msuzi wambiri, kutafuna mofatsa, ndipo akamaliza amwe madzi otsukira njira. Pogona uwaikire mapilo mutu ukhale pamwamba, chifukwa zam'mimba zimabwerera mosavuta. Akayamba kutsokomola nthawi iliyonse akamwa kanthu, usazengereze, ukanene msanga. Mwina chakudya chikulowera kumapapo.

Ululu nawo umaletsa kudya. Akawalembera morphine wamadzi usachite mantha, ndipo usamvere onena kuti ndi mankhwala a anthu otsala pang'ono kufa. Munthu ululu ukachepa amagona, amacheza, amadya. Vuto lake amamanga m'mimba, ndiye upemphe mankhwala ofewetsa tsiku lomwelo. Papaya wakupsa amathandizako.

Ukapitanso kuchipatala upemphe kuonana ndi a zakadyedwe, ndipo ufunse ngati angawalembere chiponde. Anthu amaganiza kuti ndi cha ana okha, koma akuluakulu onyentchera amapatsidwanso. Kapaketi kamodzi kali ndi makalori 500, ndipo kakawakanika kumeza ukhoza kukasungunulira m'phala lofunda. Ugule kakope, uzilembamo sikelo yawo sabata iliyonse ndi zimene adya patsiku. Dokotala amakhala ndi mzere wautali panja, ndipo ukangoti akudya pang'ono sadziwa kuti pang'onopo ndi pati. Ukamuonetsa kope amaona yekha. Ngati kumeza kwakanikiratu, pali njira zodyetsera kudzera m'paipi, ndipo ndi bwino kuzikambirana thupi lisanathe.

Chimene chikundivuta kulemba ndi ichi. Ndaona maukwati abwino akusanduka bwalo la milandu chifukwa cha mbale ya phala. Mkazi wadzuka m'bandakucha, wasinja, wasefa, wawononga ndalama yomaliza, mwamuna walawa masupuni awiri n'kukankha. Mkazi akulira kuti simukufuna kuchira, mwamuna akuyamba kuopa kumva phazi la mkazi wake pakhomo. Usafike pamenepo. Akakana, chotsa mbale mwakachetechete, ubwerenso pakapita ola ndi china. Uziwafunsa chimene mtima wawo ukufuna, ngakhale chikhale Fanta. Ndi bambo a pakhomo, azolowera kudyetsa anthu, ndipo kumwetsedwa ndi supuni kumawapweteka mumtima kuposa mmene angakuuzire. Pamene angathe, agwire okha supuniyo, ndipo azidyera pamodzi ndi ana.

Sindikudziwa kumene Mulungu atitengere, ndipo ndikuyembekeza zabwino. Koma ngati tsiku lina madokotala adzati matenda apita patali, udziwe kuti nthawi imeneyo thupi limasiya lokha kufuna chakudya, ndipo kukakamiza kumangobweretsa kusanza ndi kutsamwa. Pamenepo ntchito yako idzakhala kunyowetsa milomo, kutsuka m'kamwa, ndi kuwapatsa kadontho ka chimene apempha. Sudzakhala ukuwapha ndi njala. A chisamaliro chochepetsa ululu amathandiza kwambiri pa zimenezi, ndipo sayembekezera kuti munthu afike kumapeto, ukhoza kupempha kuonana nawo ngakhale pano.

Iwenso uzidya. Mawu ako pafoni anandiuza kuti sukugona. Mng'ono wako wavomera kubwera sukulu akatsekera, uzimusiyira usiku wina kuti upume.

Loweruka ndikutumizira katundu pa basi. Muli soya wokazinga kale ndi wogayitsa, mgaiwa wa chimanga cha chaka chino, ufa wa usipa, ndi mtedza. Mtedzawo ndasankha ndekha umodziumodzi, chifukwa wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo nsinjiro zogula zosinjasinja sudziwa kuti asinjiramo zotani. Uusunge pouma, uzisinja wokwanira masiku ochepa okha. Ukalandira undiimbire, undiuzenso sikelo ya sabata ino. Uwapatse moni akamwini, uwauze kuti mbuzi zawo zili bwino, ina yaswa awiri.

Ndine,
Mayi ako