Lipoti la maphunziro a zovala za kumutu m'masewero oimba

A Wapampando, a komiti ndi anzanga nonse a gulu lathu la zisudzo, ndabwerako ku London kumaphunziro a zovala za pasiteji komwe munandituma. Malisiti a sitima ndawapereka kale kwa mayi msungichuma.

Za nsapato ndi utoto wa kumaso tinangodutsamo. Nthawi yambiri inathera pa zovala za kumutu, ndipo chitsanzo chachikulu chinali sewero loimba la The Lion King, lomwe linatsegulidwa ku Broadway, mumzinda wa New York, mu 1997 ndipo likuonetsedwabe ku Lyceum Theatre, ku London, chiyambire 1999. Zigoba zake anazikonza Julie Taymor ndi Michael Curry.

Nzeru yawo ili apa: chigoba cha mkango sichiphimba nkhope, chimakhala pamwamba pa mutu ngati chisoti. Woonera amaona mkango ndi munthu nthawi imodzi, ndipo woimbayo mawu ake satsekeka. Zigoba za Mufasa, mfumu ya mikango, ndi m'bale wake Scar zili ndi kamakina kobisika. Wosewera akakayendetsa, chigoba chimatsetserekera kutsogolo kwa nkhope, mkango nkuoneka ngati ukufuna kulumpha. Pa maliro a Mufasa, mikango yaikazi imasolola timaliboni toyera m'maso mwa zigoba zawo, ndiyo misozi imeneyo. Ovina ena amasenza mathireyi a udzu pamutu, akatulukira pamodzi siteji yonse yasanduka dambo. Izi za udzu ife tingazikwanitse mawa lomwe, sizilira ndalama.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kupepuka kwake. Zigoba zikuluzikulu zija nza carbon fibre, chipangizo cholimba koma chopepuka kwambiri, ndipo cha Mufasa sichifika ngakhale theka la kilogalamu. Aphunzitsi anatipatsa chisoti chawo choyeserera kuti tivale. Mkati muli kalamba kogwira chipumi ndi nkhongo, kulemera konse nkumakhala pakati pa mutu monga mtsuko ukhalira pa nkhata. Ndinagwedeza mutu, kudumpha, kuwerama, koma osasuntha. Zathu zija timamangira lamba pansi pa chibwano, n'chifukwa chake oimba amadandaula kuti sakutha kutsegula pakamwa.

Carbon fibre sitingaifikire, tisanamizane. Koma siponji yolimba, makatoni opyapyala ndi mapepala omata ndi guluu zimagwira ntchito ngati tiyamba ndi kuyeza mutu wa wosewera aliyense, osati kusoka saizi imodzi ya onse.

Ndikupempha komiti zinthu ziwiri. Zisoti za sewero lathu la pa 6 July zikhale zitatha mwezi umodzi tsikulo lisanafike, kuti tiziyeserera titazivala, chifukwa munthu wovala chisoti chachitali amayenda mosiyana ndipo ayenera kuzolowera makomo. Chachiwiri, tigule tepi yoyezera, siponji ndi malamba. Mitengo yake ndibwera nayo Loweruka, pamodzi ndi zithunzi za mkati mwa chisoti chija kuti osoka athu aone kamangidwe kake.