Lipoti la msonkhano wa zipangizo zothandiza osaona

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako bwino ku Lilongwe. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zokamba za akuluakulu. Gawo la malamulo ndinawodzerako, ndisaname.

Amene anandidzutsa ndi mnyamata wina wosaona ngati ife, katswiri wa makompyuta, yemwe anafotokoza chimene chinaletsa makina athu akale a braille kutsegula imelo. Nkhani yagona pa loko. Kalata ikamayenda pakati pa makina ndi seva, kompyuta yaikulu yosunga maimelo, imayenera kukhomedwa kuti wina asaiwerenge panjira, ndipo lokoyo ndi amene amati SSL kapena TLS. Gmail simulowetsa makina opanda loko, kaya pa khomo 993 kaya 995, makomo amene makina amatengera makalata. Kuwonjezera apo, kuyambira pa 30 May 2022 Google inaleka kulola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi wamba. Choncho simukhadi ikhale ya Airtel kapena ya TNM, chitseko n'chomwecho. Kampani ya intaneti ndi minibasi chabe, imakutulani pageti. Wotikaniza ndi mwini nyumba.

Paja ndinati tisathamangire kugula rauta ya kampani ina, ena mwa inu munati ndimakonda makani. Ndalama zinapita, imelo sinatseguke, ndipo mpaka lero palibe wabwera kudzapepesa.

Makina amene ali ndi loko ali ndi mwayi. Mumayatsa kutsimikizira kawiri pa akaunti, kenako Google imakupatsani pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yoti mulembe m'makinamo. Ndinayesa pomwepo, makalata anga anayamba kutsika zala zili pa madontho. Ndinafuula mu holo! Ulendowu unadzilipira pamenepo.

Opanda loko alibe mankhwala. Wina anati tisamukire ku imelo yomwe siifuna loko, ambiri anakana, inenso ndinakana: timatumizirana mayina a mamembala, manambala a ziphaso ndi makalata akuchipatala. Njira yabwino ndi laputopu yokhala ndi NVDA, pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pa sikirini, ndi Thunderbird, pulogalamu ya imelo, onse awiri aulere. Koma laputopu ya gulu ili kuti? Inapita kunyumba kwa munthu chaka chatha, akuti kukachaja.

Msonkhano unagwirizana zopempha otithandiza kuti aziyamba afunsa asanatitumizire makina. Kwa ine mawuwo ndi ofewa kwambiri, makina otha ntchito tiziwakana.

Malisiti a alawansi ndapereka kwa a msungichuma. Ya thiransipoti ya ulendo wapita uja ndikuyembekezabe.