Tsamba lanu la pa intaneti munakonzera openya okha?

Akuluakulu a ku ofesi ya boma imene mwalengeza mwayi wa ntchito mwezi uno, ndikulemba poyera chifukwa uthenga umene ndinakutumizirani kumbali wakhala sabata ziwiri osayankhidwa.

Ndimakhala ku Mtunthama kuno ku Kasungu, ndipo sindiona. Braille ndinaphunzira ku Chilanga, kompyuta ndaidziwira kuukulu. Pafoni panga pali TalkBack, pa laputopu pali NVDA, mapulogalamu amene amandiwerengera mokweza zolembedwa. Ndi amenewa ndimawerenga nkhani, kucheza pa WhatsApp ndi kulemba makalata popanda wondigwira dzanja. Koma ndikangofika pa tsamba lanu ndimasanduka mwana.

Chilengezo chanu munachisindikiza papepala, bwana nkusaina, kudinda chidindo, kenako wina nkuchijambula ndi kuchiponya pa intaneti. Kwa inu nchokongola. Kwa ine nchipupa. Pulogalamu imawerenga zilembo, siwerenga chithunzi cha zilembo. Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, foni ili zii, kenako nkungondiuza kuti pali chithunzi. Chithunzi cha chiyani? Kaya. Chonsecho kalatayo munailemba pa kompyuta, ndiye kuti mawu ake muli nawo, kungowaika momwemo basi, osawononga ngakhale tambala.

Mphwanga atandiwerengera, ndinati fomu yokha ndilemba ndekha. Mabokosi ake alibe mayina. Pulogalamu imangoti lembani apa, lembani apa, osanena ngati akufuna dzina, boma lochokera kapena nambala ya chiphaso cha unzika. Ndinalimbana nayo mongoganizira mpaka kumapeto, komwe ndinapeza katchinga kaja ka CAPTCHA: lembani zilembo zopindika zimene mukuziona pachithunzichi. Mukuziona! Njira yomvetsera ndi khutu palibe. Ndikuti ndiitane mwana, nthawi yatha, fomu yafufutika, bandulo nayo yapita.

Mawa lake ndinakwera galimoto kupita pa boma, nkulowa mu kashopu ka fotokope. Mnyamata wa pamenepo ndi waulemu ndithu, sindikumunena. Koma tangoganizani bambo wa ana atatu kupereka chiphaso chake, satifiketi ya MSCE ndi pasiwedi ya imelo kwa munthu wosamudziwa, iye nkumawerenga mokweza magiredi anga pamzere pali anthu. Mayi wina kumbuyo anachita kufunsa kuti, "Kodi osaona amalembedwanso ntchito?" Ndinangoseka, nanga ndikanatani. Netiweki nayo inadula tisanatumize.

Nditaimba foni ku ofesi kwanu, amene anayankha anati, "Bambo, pezani wachibale akuthandizeni." Apa mpamene pandipweteka kwambiri. Pansi pa chilengezo chomwecho munalemba kuti anthu aulumali akulimbikitsidwa kufunsira ntchitozi. Mawu amenewo ndinawamvera pakamwa pa mphwanga, chifukwa nawonso ali m'chithunzi.

Sikuti ndikupempha chifundo ayi. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Lamulo la ulumali la 2012 linalowedwa m'malo ndi latsopano la 2024, limene linabweretsa MACODA, bungwe loona za anthu aulumali, m'malo mwa MACOHA. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 10 alionse, mmodzi ali ndi ulumali. Misonkho imene inalipirira tsambalo nafenso timadula tikamagula sopo ndi mayunitsi.

Ndipo si ife tokha. Mnzanga wachialubino amaona pang'ono. Akakulitsa zilembo zanu zotuwa zija, mizere imakwerana. Makanema anu alibe mawu olembedwa pansi, ndiye wosamva angoonera milomo ya bwana ikugwedera.

Amene anakukonzerani tsambali mufunseni ngati anamvapo za WCAG, ndondomeko imene okonza masamba amatsata kuti aliyense athe kuwagwiritsa ntchito. NVDA ndi yaulere. Aiike, athimitse sikirini, ayese kulemba fomuyo. Akalephera, a Malawi Union of the Blind ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, alipo, aitaneni adzayese nanu.

Koma zimenezo nzamtsogolo. Tsiku lotseka ndi Lachisanu likubwerali. Ikani chilengezocho m'mawu olembedwa, mutipatsenso imelo yotumizirako makalata ife amene CAPTCHA yatikaniza. Mundiyankhe pompano, ndipo chonde yankholo lisakhale chithunzi.